Ndinatsazika pa Wailesi, Dambwa Yonse Inamva

Lolemba

Tafika ku Livingstone! Ine ndi NaMbewe, awiriwiri. Palibe mwana, palibe mlamu, palibe wodwala woti timuperekeze kuchipatala. Zaka makumi awiri ndi chimodzi tili pa banja, ndipo uno ndi ulendo woyamba wautali umene kutsogolo kwake kulibe maliro.

Ndilembe bwino mmene zakhalira. Kuntchito andisankha kudzaimira gawo lathu la Chinyanja pa msonkhano wa atolankhani ndi aulutsi. Chibwerereni zipani zambiri, misonkhano yotere ili paliponse. Nthumwi zonse zikugona kuhotela ya mumsewu wa Nakatindi, koma chipinda ndi cha nthumwi yokha, mkazi saloledwa. Ndakana mwaulemu. Ndapeza kanyumba ka alendo kukomboni ya Dambwa, kwa mayi wina wamasiye, ba Mutinta. Kuno aliyense ndi "ba". Galu wa pakhomo pano ndamva akumuitana kuti ba Taiga.

Dongosolo la sabata, lolembedwa ndi inki osati pensulo:

1. Kukaona mathithi tonse awiri.
2. Nyumba yosungiramo zinthu zakale.
3. Nsomba ya mu Zambezi, yathunthu, mutu osagawira munthu.
4. Loweruka masana, bandi ya kalindula kuholo ya kukomboni ya Linda. Polowa ndi motsika mtengo, ngati mabanzi awiri ndi tiyi. KUVINA. NaMbewe akuti tinavina komaliza pa ukwati wathu, ndipo akuti ngakhale tsikulo ndinasiyira pakati kuti ndifotokozere wina mmene amakungira ng'oma.
5. Msonkhano ukaweruka, ntchito ayi.

Lekoda ndabwera nayo, inde, ndi makaseti asanu ndi imodzi. Koma ndi ya zokamba za kumsonkhano basi.

NaMbewe wasoketsa diresi ya chitenje chachikasu. Waipachika kuseri kwa chitseko, akungoiyang'anayang'ana.

Kanthu kamodzi kakang'ono. Mu minibasi yochokera m'tauni ndangoti, "Titsike pamsika, achimwene." Kondakitala watembenuka ngati walumidwa ndi mavu.

"Ba Anaunsa! Ni imwe! Ba draiva, ni ba Anaunsa ba moni aba! Tinamvela kuti mubwela!"

Nkhope yanga palibe amaidziwa. Ndikhoza kuyenda Lusaka yonse osapatsidwa moni ndi munthu. Koma mawuwa ndi ena. Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikuwerenga makalata a moni pa wailesi Lamlungu lililonse masana, ndiye khutu la munthu limasunga.

Zoti "tinamvela" zija, nkhani yake ndi iyi. Dzulo pomaliza pulogalamu ndinatsazika omvera, monga amachitira munthu woleredwa bwino akamapita paulendo. Ndinati sabata ino ndili ku Livingstone. Ndinafotokoza chifukwa chake. Mwina ndinatchulako Dambwa. NaMbewe akuti ndinatchula ndi geti yobiriwira yomwe, monga anandilongosolera ba Mutinta pa foni. Ine sindikukumbuka zimenezo.

Palibe vuto. Ndani angavutike kufunafuna geti?

Lachiwiri

Sikisi koloko m'mawa. Pageti pali anthu asanu ndi awiri. Aliyense kapepala m'manja.

Sindikuwada. Ndikumvetsa, ndipo ndamufotokozera NaMbewe uku akuthira tiyi. Kalata ya moni ikaponyedwa ku positi imayenda masabata, ikafika imagwera m'thumba limodzi ndi anzake, ndipo thumbalo silitha. Wina amadikira miyezi osamva dzina lake. Tsono munthu wamva kuti mwini thumba wagona paseri pa nyumba yake, angakhale pansi?

Ndalandira mapepala. Ba Mutinta atipatsa katoni ya nsapato yoikamo. Zatha, mphindi khumi zokha. Ukuona, NaMbewe?

Kumsonkhano: atipatsa chikwama, cholembera, ndi kachikwangwani ka dzina kopachika pachifuwa. Wolankhula woyamba wachokera kunja, wabwera ndi makina oonetsa zithunzi pakhoma. Akuti m'tsogolomu nyuzi idzayenda pa makompyuta ndi pa setilaiti. Akuti chofunika koposa ndi kudziwa omvera athu, kuti ndi ndani, ali kuti, amafuna chiyani. Ndalemba zonse. Anga ndikuwadziwa kumene ali. Ali pageti.

Pa nthawi ya tiyi pali masamusa. Ndakulunga awiri m'kapepala, a NaMbewe.

Ndafika ku Dambwa faifi koloko. Nyumba ya zinthu zakale yatsekedwa kale. Nambala 2 isunthire Lachinayi.

Pageti tsopano anthu apitirira makumi awiri. Ndipo ndachita cholakwa: ndatsika minibasi lekoda ili paphewa. Bambo wina wovala ovolosi ya kunjanji waiona.

"Ba Anaunsa, simungatijambule chabe? Amai ku Petauke bamvele mau yanga yeniyeni."

Ndati mmodzi yekha.

Chofunika kudziwa ndi chakuti moni wathu sukhala wa munthu mmodzi. Sungapereke moni kwa amayi n'kusiya azakhali. Ukatchula azakhali, amalume akumva. Ukatchula amalume, akazi awo onse awiri ali pomwepo pafupi ndi wailesi, ndipo uyenera kudziwa woyamba kutchula. Bambo wa kunjanji watchula anthu makumi atatu ndi mphambu, kuphatikizapo mmodzi amene pambuyo pake wakumbukira kuti anamwalira.

Mayi wina wajambula, wapita, wabwereranso akuthamanga, chitenje m'manja. "Fufutani, tiyambe futi! Naiwala bapongozi. Bazanipha!"

Kaseti yoyamba yadzaza mbali zonse ziwiri. Masamusa ndawapeza m'thumba la jekete ataphwanyika. NaMbewe wadya imodzi, ina wapatsa ba Taiga.

Mawa zikhala bwino. Ambiri ajambula kale.

Lachitatu

Ajambula kale aja abwera ndi abale awo.

NaMbewe ndi mphunzitsi wa Giredi Wanu, ndipo lero ndaona chifukwa chake makolo amamulimbirana. Watuluka ndi wotchi ya kukhitchini ya ba Mutinta. Mizere iwiri: a mapepala kumanzere, a lekoda kumanja. Okalamba ndi apakati patsogolo. Aliyense mphindi ziwiri, ndipo ayambe wayeserera mayina ali pamzere. Wotchi ikalira, walira. Anthu akumutcha ba Madamu. Akumuopa kuposa ine.

Ndamuthokoza. Wati, "Ndikufuna athe msanga, atate ake Daliso. Musaganize kuti ndalembedwa ntchito."

Kumsonkhano mkangano wa lero: kodi mapulogalamu a moni ndi kutaya nthawi? Mkonzi wina wachinyamata wa nyuzipepala yatsopano, tayi yofiira, Chingerezi chothamanga, akuti inde. Akuti dziko likusintha, anthu akufuna kumva za chuma ndi ndale, osati mayina a azakhali. Ndakweza dzanja. Wapampando wati ndisunge, nthawi yanga ndi ya mawa.

Mkonzi uja ali mkati molankhula, mlonda wa hotela walowa monyang'ama, wandinong'oneza: "Ba sa, pali bantu pa geti. Bakuti ba Madamu batseka laini ku Dambwa, so babwela kuno."

Ndatuluka pa nthawi ya tiyi. Mapepala khumi ndi anayi. Samusa sindinaione.

Madzulo, pamzere wa lekoda, pali mtsikana wina wochapa zovala pa loji ina ya ku Nakatindi. Manja ake oyera ndi sopo. Wagwira maikolofoni, wotchi ikuyenda, iye chete. Ndamuuza kuti asaope, ayambe ndi dzina la mudzi. Watchula mudzi wa ku Chadiza. Kenako wati, "Amai, ni ine. Nili moyo. Nisebenza." Basi. Zaka zinayi sanapite kwawo ndipo kulemba sadziwa.

NaMbewe waimitsa wotchi, wamufunsa ngati ali ndi zina. Wati alibe.

Tsono munthu angatseke bwanji geti?

Nsomba: ba Mutinta atigulira yaikulu, aiwotcha bwino, fungo lake mpaka kumsewu. Nthawi yomweyo pakhonde pali alendo asanu ndi awiri amene achokera kutali wapansi. Mutu wapita kwa mkulu wina wa ku Linda wopanda mano akutsogolo, amene wauyamwa mwaluso lochititsa ulemu. Ine mchira. Nambala 3 ndiyiike chizindikiro chanji?

Kwabweranso ba Mubita, mtsogoleri wa bandi ya Loweruka ija. Masana amaperekera zakudya pa loji, Loweruka amaimba. Munthu wamtali, woseka ndi thupi lonse. Akuti, "Ba Anaunsa, Saturday mungene mahala, na ba Madamu." Ndakana. Ndati ndikubwera ngati munthu wamba, ndilipira pakhomo, ndivina ndi mkazi wanga, ndipo maikolofoni sindikhudza. Wagwirizana nazo msangamsanga. Msanga kwambiri, ndikaganiza.

Wandisiyira kaseti ya nyimbo zawo. Ndamufotokozera kuti osankha nyimbo pa wailesi ndi ena, ndi mmene amasankhira. Pomaliza kufotokoza ndapeza NaMbewe wagona pampando, wotchi ili pamiyendo.

Makaseti otsala: atatu. Za kumsonkhano zojambulidwa: palibe.

Lachinayi

Nzeru yatsopano! Anthu sadziwa nkhope, amadziwa mawu. Choncho mawu abisike.

Tadzuka kusanache bwino, tatulukira kakhomo ka kuseri, kodutsa m'dimba la repu la ba Mutinta. Mathithi kaye, msonkhano pambuyo. Lamulo la NaMbewe: ine ndisatsegule pakamwa, wolankhula ndi iye. Ndavala chipewa, ngakhale chipewa sichikhudzana ndi mawu.

Minibasi yoyamba mpaka m'tauni: bwinobwino. Yachiwiri, yopita kumalire kumene kuli mathithi: bwinobwino. NaMbewe wandigwira dzanja pansi pa chikwama. Kutsogolo, pamwamba pa mitengo, utsi woyera uja ukuoneka, utaima ngati mtambo umene waiwala kukwera.

Kumbuyo kwathu kamtsikana kafunsa bambo ake kuti utsiwo ndi wa chiyani. Bamboyo wayankha kuti ndi fakitale ya ku Zimbabwe.

Ndapirira. Mulungu ndi mboni, ndapirira mpaka kuwerenga khumi.

Kenako ndatembenuka, ndati pang'onopang'ono, "Pepani bambo, si fakitale. Madzi akagwa kuchokera pamwamba chotero amaphwanyika kukhala timadontho, ndipo mphepo ya m'phompho..."

Sindinafike ndi pa mphepo pomwe. Minibasi yonse: "Ba Anaunsa!"

Dalaivala waima, wabwerera chambuyo, wakhota. Akuti amayi ake ali ku Linda, sayenda, ndipo samaphonya pulogalamu yanga. "Faifi minitsi chabe, ba Anaunsa. Bakamvela kuti munapita osabaona, nizagona panja." Okwera onse avomera. Wina waombera m'manja. Palibe amene wafunsa ife.

Amayiwo ndi okoma mtima. Atigwira manja onse awiri, atiphikira tiyi, aitana oyandikana nawo. Lekoda ndinaisiya, choncho ndalemba pamanja, kuseri kwa ndondomeko ya msonkhano. Mathithi tawamva pang'ono, chapatali, ngati galimoto yaikulu imene sikufika.

Kumsonkhano ndafika mochedwa. Nkhani yanga aisunthira mawa. Nambala 2 sindikuitchulanso.

NaMbewe sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa. M'minibasi yobwerera wangoti, "Mukanangomusiya mwanayo akhulupirire za fakitale. Akanakula ndithu."

Madzulo, mzere utatha, ndamupeza m'chipinda akusita diresi yachikasu imene inali yosita kale. Osandiyang'ana wati, "Kunyumba ndimakumverani pa wailesi. Kuno ndikukumverani pawindo. Kusiyana kwake ndi mabatire okha."

Ndayamba kunena kuti zimenezo si zoona kwenikweni. Wafunsa kuti pa zaka khumi ndi zinayi, mwa mayina onse aja, lake ndinalitchulapo kangati.

Yankho ndi lakuti palibe. Pali lamulo kuntchito: muulutsi sapereka moni kwa a pabanja pake, kuopa kuti pulogalamu ingasanduke ya pachibale. Ndi lamulo labwino. Ndinathandiza nawo kulilemba. NaMbewe akulidziwa, ndinamufotokozera kalekale, mwina kangapo.

Lero sindinalifotokoze. Ndangokhala pabedi ndi kumuyang'ana akusita.

Mawa. Mawa msonkhano uweruka masana. Mawa ndithu!

Lachisanu

Lekoda ndaisiya kunyumba. Yatsala kaseti imodzi, ndipo ndalumbira kuti imeneyo isakhudzidwe.

Nkhani yanga: ndinakonzekera mphindi makumi atatu, masamba khumi ndi awiri, mutu wake "Womvera wa Kumudzi ndi wa M'komboni". Wapampando akuti nthawi yathina, ndili ndi mphindi zisanu.

Ndaimirira. Ndalonjera wapampando. Ndalonjera alendo ochokera kunja, aliyense ndi dziko lake. Akuluakulu a manyuzipepala. Anzanga a zilankhulo zina. Amayi otiphikira tiyi, chifukwa palibe amene wawatchula sabata yonse. Mlonda. Ndikuti nditsegule tsamba loyamba, wapampando wagogoda tambula ndi supuni.

Anthu aomba m'manja kwambiri. Wina wati inali nkhani yomveka koposa zonse.

Ndikutsuka m'manja kuchimbudzi, wanditsatira mkonzi wa tayi yofiira uja. Wayang'ana uku ndi uku. Watulutsa kapepala kopindidwa kanayi. Chingerezi chathawa. "Mdala, ni ya amai ku Lundazi. Osakamba kuli aliyense." Ndalandira ndi manja awiri. Sindinaseke mpaka watuluka.

Tsopano tamverani izi. Potseka msonkhano alengeza kuti basi ili panja, yotengera nthumwi zonse kumathithi, ulele. Ndafunsa ngati tingadzere ku Dambwa kukatenga mkazi wanga. Akuti ndi ya nthumwi zokha. Ndati zikomo, pitani bwino. Ndinalonjeza kuti tikaona tonse awiri. Ndaima pakhonde la hotela, chikwama m'manja, basi ikunyamuka, ndikudzimva ngati mwamuna wa m'buku.

Ndatenga takisi, osati minibasi. Ndalankhula ndi zala zokha. Ndauza dalaivala ndi dzanja kuti adikire pageti.

M'chipinda mulibe munthu. Pabedi pali kapepala, zilembo zoongoka za pabolodi:

"Tapita kumathithi ndi ba Mutinta ndi amayi a kutchalitchi kwawo. Ndaona kuti mukapita ndi anzanu a msonkhano, ba Mutinta akuti amatero nthawi zonse. Ndabwereka lekoda. Chakudya chili pa mbaula."

Ndawerenga kawiri. Ndabweza takisi.

Ndiye kuti lero, nthawi yomweyi, nthumwi zonse zili kumathithi. Mkazi wanga ali kumathithi. Lekoda yanga ili kumathithi. Mu Livingstone monse munthu amene sanaone mathithi ndi ine ndi ba Taiga, ndipo za ba Taiga sindikutsimikiza.

Pageti anthu alipo. Popanda ba Madamu mzere wasokonekera. Ndakhala pampando pansi pa mtengo wa mango ndi kulemba mayina mpaka dzanja kuuma.

NaMbewe ndi amayi aja abwera dzuwa litapendeka, atanyowa onse ngati nkhuku, akuimba nyimbo ya Chitonga. Tsitsi la NaMbewe limene anakonzetsa ku Lusaka latheratu. Nsapato m'manja. Akuseka mpaka kugwira geti. Kuseka kumeneko ndinakumva komaliza tisanabereke Daliso.

"Atate ake Daliso! Kumeneko mvula imagwa chokwera!"

Ndatsegula pakamwa kuti ndinene za timadontho ndi mphepo ya m'phompho. Wandiyika chala chonyowa pamilomo.

Atamva kuti basi ndinaikana chifukwa cha iye, kuseka kwaima. Kenako wayambanso kuseka, koma uku akundipukuta kumaso ndi chitenje chonyowa, ngati kuti wonyowa ndine.

Zandipweteka, ndisaname. Koma wawaona. Theka la nambala 1 latheka, kungoti theka lake si langa.

Kaseti yomaliza wabisa. Akuti si ya lero.

Loweruka

Holo ya ku Linda, thu koloko masana. Ndalipira pakhomo monga ndinanenera, atidinda chidindo padzanja. Denga la malata, kutentha, mabenchi m'mbali. Mwadzaza achinyamata: operekera zakudya m'maloji, ogulitsa ziboliboli, osoka, oyendetsa ngolo za pamsika, onse atasamba ndi kudzola. Amayi ena ndi ana kumsana.

Diresi yachikasu! Ndilibe mawu, ine amene mawu ndi ntchito yanga.

Bandi: magitala awiri, ng'oma, chisekese, ndi babatoni, chigitala chachikulu chopanga okha, cha ng'oma ya chikopa ndi mtengo wautali, chimene woimba amachikhalira pamwamba. Chikalira umachimva m'mimba. Chokuzira mawu achiika pa kireti ya mabotolo. Nyimbo yoyamba, holo yonse yanyamuka. Akuimba Chinyanja, akhotera ku Chitonga, abwerera kudzera ku Chilozi, ndipo aliyense akuyankha.

Ndaimirira. Ndatambasula dzanja kwa NaMbewe. Waimirira.

Nyimbo yaduka. Ba Mubita pa maikolofoni: "Bantu ba Mulungu, lelo tili na mlendo! Ba Anaunsa, bwelani mupeleke moni umozi chabe. Umozi!"

Anthu andinyamula, pafupifupi. Ndapereka moni umodzi. Pomaliza, m'dzanja langa muli kale kapepala. Ndani wandipatsa, sindikudziwa. Kuseri kwake kuli dzanja lina.

Mmene zayendera: nyimbo, mapepala asanu, nyimbo, mapepala khumi. Kenako bandi yangotsitsa magitala n'kumaimba chapansipansi ine ndikuwerenga pamwamba pake, ndipo anthu akuvina mayina a azakhali awo. Ndivomere, zikukoma. Dzina lililonse likatchulidwa, pakona ina pamveka mfuu. Koma maso anga ali pa benchi. NaMbewe wakhala. Wavina imodzi ndi ba Mutinta. Wakhalanso. Botolo la chakumwa latha, akungolizunguza m'manja.

Nthawi ina ndayang'ana, pabenchi palibe. Ndati wapita kunyumba, ndipo akulondola.

Ayi. Ali pamzere. Chikasu chija, pakati pa mnyamata wa ziboliboli ndi mayi wa mwana kumsana. Sanadumphe ndi mmodzi yemwe, ngakhale anthu akumupatsa njira. Wadikira nthawi yake. Wafika, wandipatsa kapepala osandiyang'ana, monga amachitira onse.

Vuto la ntchito yathu ndi lakuti pakamwa pamawerenga mutu usanamve. Ndawerenga ndi mawu a pa wailesi, okweza bwino:

"Ine NaMbewe wa ku Lusaka, pakali pano ndili ku Linda, ndikupereka moni kwa amuna anga, atate ake Daliso, amene ndinabwera nawo ku Livingstone Lolemba ndipo sindinawaonenso. Amene angawaone awauze kuti ndili pafupi ndi khomo, ndavala zachikasu, ndipo nsapato zikundithina, sindidikira nthawi yaitali."

Holo yaphulika. Akazi nthungululu, anyamata kugubuduka pansi, wa babatoni wagwa pa chigitala chake.

Kenako ndakumbukira kuti lamulo lija ndi la pa wailesi, ndipo pano si pa wailesi. Ndakonza kukhosi. Ndati, "Moni uyu akupita kwa..." Ndinali ndi zambiri: za ku Katete kumene tinakumana, za zaka makumi awiri ndi chimodzi, za Malamlungu onse amene wadya yekha masana. Ndatchula dzina lake. Zina zonse zathawa. Ndalitchulanso. Basi, moni wathera pomwepo, waufupi koposa onse amene ndinaperekapo.

Ba Mubita andilanda maikolofoni. "Ba Anaunsa, nchito yasila. Yendani mukavine, tisanakutengeleni ba Madamu!"

Tavina! Anthu atipangira bwalo. Miyendo yanga ikukumbukira zina, zina yaiwala. NaMbewe wavula nsapato. Pakati pa nyimbo magetsi azima, magitala zii. Koma babatoni ndi ng'oma sizidya magetsi, ndipo anthu atenga mbali ya magitala ndi pakamwa. Tapitiriza. Bondo langa lamanzere layamba kudandaula pa nyimbo yachiwiri, ndaliuza kuti lidikire Lolemba.

Wina wandikoka malaya, kapepala m'manja. NaMbewe wamuyang'ana kamodzi kokha, mmene amayang'anira Giredi Wanu. Kapepala kabwerera m'thumba.

Nyimbo zitatu. Sindinafotokozere munthu chilichonse.

Lamlungu

Tinati tidzuke m'mamawa, tithamangire kumathithi basi isananyamuke. Bondo lakana. Ndiponso pageti pali anthu obwera kudzatsazika, ndipo munthu wobwera kudzatsazika sungamusiye chiimire. Ba Mutinta atipatsa nsomba zouma ndi kapepala kawo, kamene akuti anachita manyazi kupereka sabata yonse. Ba Taiga atiperekeza mpaka pamsika.

Zotsatira za dongosolo:

1. Mathithi: NaMbewe inde. Ine ndaona utsi, kawiri.
2. Zinthu zakale: zidikira, sizikupita kulikonse.
3. Mchira.
4. INDE.
5. Ndisayankhe.

Ndikubwerera ndi katoni ya nsapato yodzaza, mapepala ena m'chikwama cha msonkhano, makaseti asanu a moni, ndi kaseti ya ba Mubita imene ndikaipereka kwa osankha nyimbo ndi mawu angapo. Za msonkhano ndilibe ndi liwu limodzi lojambulidwa. Abwana akafunsa zimene ndaphunzira, ndidzati akuti tidziwe omvera athu.

Tili m'basi, tadutsa Zimba. NaMbewe watulutsa kaseti yachisanu ndi chimodzi m'chikwama chake, wandiveka zomvera m'makutu. Sadziwa kuchepetsa mphamvu ya maikolofoni, ndiye phokoso lake likuchita kung'amba. Kuntchito kaseti yotere tikanaitaya. Mkokomo wokhawokha, ngati sitima khumi zikudutsa padenga. Amayi akukuwa chapatali. Kenako mawu ake, pafupi, akufuula:

"Atate ake Daliso! Mukumva? Musafotokoze! Ingomverani!"

Ndamvera mpaka mbali yonse yatha.

Mathithi sindinawaone, ndavomera. NaMbewe akuti chaka chamawa, ndipo akuti kutsazika adzatsazika ndi iye, kwa oyandikana nawo okha.

Chikwerereni basi sindinatulutse liwu. Tikiti wagula ndi NaMbewe. Nthochi pa Kalomo wagula ndi NaMbewe. Kutsogolo kwathu anthu awiri akukangana za chaka chimene njanji inafika ku Livingstone, ndipo onse awiri akulakwitsa. Ndaluma lilime. Ndikulemba muno m'malo mwake.

Palibe akutidziwa. Mutu wake uli paphewa langa, tsitsi lake likununkhabe madzi. Mpaka ku Lusaka ndi maola ambiri, ndipo onsewo ndi athu.

Bambo wa mpando wa pambali wakhala akundiyang'ana. Tsopano waweramira kuno, akufunsa ngati ndili ndi nthawi. Ndamuonetsa wotchi. Akufunsa ngati ndikupita ku Lusaka. Ndagwedeza mutu. Akufunsa ngati ndili bwino.

NaMbewe, maso ali chitsekere, wamuyankha:

"Asiyeni, bambo. Amuna angawa salankhulalankhula."